Mbiri ya Mkaka Wosasa

Anthu anayamba kalekale kukama ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Mapale a miphika amene anafukulidwa m'dziko la Turkey asonyeza kuti zaka zoposa 8,000 zapitazo anthu a kumeneko ankasunga mkaka. Chodabwitsa nchakuti matupi a anthu akuluakulu a nthawi imeneyo sankatha kugaya shuga wa mumkaka wotchedwa lactose. Khanda limabadwa ndi mphamvu yogayira shugayu m'matumbo, yotchedwa lactase, koma mwa anthu ambiri mphamvuyo imazilala mwana akaleka kuyamwa. Nanga abusa akalewo mkaka ankaudya bwanji?

Njira imodzi inali kuusasitsa. Mkaka ukagona m'chikho kapena mumphika, tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya timadya gawo la shuga uja n'kumusandutsa asidi. Motero mkakawo umalimba, umawawasa, ndiponso suonongeka msanga. Anthu a ku Bulgaria ndi Turkey anali ndi yogati, Azulu amasi, pamene Amalawi ali ndi chambiko. Onsewa ankasasitsa mkaka popanda kudziwa chimene chimachitika m'katimo.

M'chaka cha 1905, mnyamata wa ku Bulgaria, Stamen Grigorov, amene ankaphunzira udokotala ku Geneva, anapima yogati wa kwawo napeza mtundu wa bakiteriya umene umasasitsa mkakawo. Nkhaniyi inamkoka mtima Élie Metchnikoff, katswiri wa ku Russia amene ankagwira ntchito ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris. Iyeyu anaphunzitsa kuti alimi a ku Bulgaria amakhala ndi moyo wautali chifukwa cha mkaka wosasa. Mbiri ya yogati inawanda, kotero kuti mu 1919 Isaac Carasso anayamba kumupanga ku Barcelona ndi kumugulitsa m'masitolo a mankhwala pa dzina la Danone. Komabe ganizo la moyo wautalilo linalibe umboni wokwanira.

Phindu lenileni linadziwika mochedwa. Madokotala a ku Ulaya ndi America ankayesa kuti munthu wamkulu aliyense amagaya mkaka monga iwo. Mu 1966 kafukufuku wa ku Baltimore anasonyeza kuti anthu akuda ambiri a ku America sagaya bwino lactose. Chaka chomwecho ku Uganda kunapezeka kuti Abaganda ambiri, amene ndi alimi, samugaya, pamene Atutsi, oweta ng'ombe, amamugaya. Lero zikudziwika kuti pafupifupi anthu akuluakulu awiri mwa atatu alionse pa dziko lapansi sagaya bwino shugayu, ndipo ena akamwa mkaka wambiri amatupidwa, kumva kupota m'mimba kapena kutsekula kumene.

Mu 1984 akatswiri a ku Minnesota anapatsa anthu otere mkaka tsiku lina, ndi yogati tsiku lina. Ngakhale shuga anali wofanana, yogati anagayika bwino koposa. Chinsinsi chinali chakuti mabakiteriya amoyo amanyamula lactase wawo mpaka m'matumbo, nathandiza kugaya shuga wotsalayo. Yogati akatenthedwa atasasa kale, mabakiteriyawo amafa ndipo thandizolo limachepa kwambiri. Kunapezekanso kuti si mkaka wosasa uliwonse umene uli ndi mphamvu yofanana ndi ya yogati.

Choncho panapita zaka zikwizikwi kuti sayansi ifotokoze luso limene abusa analipeza ndi chikho chabe. Zoonadi, mawu a akuluakulu akoma akagonera.