Ulendo wa ku boma: mbiri ya thandizo la anthu a ku Thuchila

Pa tsiku la msika ku Thuchila, wokhometsa msonkho amalawirira. Mayi asanamalize kuyala tomato wake, mnyamata wa kabuku ka matikiti wafika kale, wang'amba kapepala, walandira ndalama. Kuchipatala amayi akhala pamzere ndi mabuku a kusikelo, ana ali kumsana. Ku ofesi ya zaulimi abambo akufunsa ngati mayina awo atuluka pa fetereza wotsika mtengo. Akabaza nawo akuitanira amene ali ndi ulendo wa ku boma, kaya ndi wa chiphaso cha unzika, kaya ndi wa mlandu wa malo umene wakanika kwa amfumu.

Msika, chipatala, sukulu ndi ulangizi wa zaulimi, zonsezi pa lamulo zili m'manja mwa Khonsolo ya Mulanje. Thuchila alibe khonsolo yakeyake ngati Luchenza, ndipo ali m'gulu la malo ambiri a malonda amene amayang'ana ku ofesi imodzi pa boma. Pa kalembera wa 2018 ofesiyi inapezeka kuti ikutumikira anthu oposa 680,000. Kuti munthu amvetse chifukwa chimene tikiti ya msika imamupeza pomwe wakhala koma chidindo amachita kuchilondola, ayenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 130.

Boma linafika ku Mulanje ndi mfuti. Angerezi atalengeza mu 1891 kuti dzikoli lili m'manja mwawo, asilikali a Harry Johnston analimbana ndi mafumu a Chiyao a m'mphepete mwa phiri, monga Chikumbu, Mkanda ndi Matipwiri. Mu 1893 anamanga malinga awiri, Fort Anderson ndi Fort Lister, ndipo ulamuliro wa boma la Mulanje unayambira pamenepo. Chinthu choyamba chimene munthu wa m'chigwa cha Thuchila analandira kuchokera ku ofesi ya boma chinali chitupa cha msonkho wa nyumba. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, kapena amesenjala ankagwira mkazi wake mpaka ndalama itapezeka. Alomwe amene ankawoloka kuchokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anapeza msonkhowu ukuwadikira, ndipo ambiri anakhazikika m'maesiteti momwe ankalipira malo ndi thangata.

Sukulu ndi mankhwala, pa nthawi imeneyo, zinali za amishoni. Wodwala ankapita ku Mulanje Mishoni, osati kwa DC, bwanamkubwa wa boma.

Atsamunda anali ochepa, choncho anafunika mafumu. Lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu aakulu oyang'anira midzi m'malo mwa boma, ndipo la 1933 linawapatsa mabwalo a milandu ndi mphamvu zopanga malamulo a m'dera, kenako ndi thumba lawo la ndalama. Dongosolo limene anthu a ku Thuchila akulidziwa lero, loti nkhani imayambira kwa nyakwawa, ipite kwa gulupu, ikafike kwa mfumu yaikulu monga Nkanda, Juma kapena Nthiramanja isanaone khomo la DC, linakhwimira m'zaka zimenezo. Mu 1953 kunabwera lamulo la makhonsolo a maboma, ndipo pang'onopang'ono makhonsolowo anayamba kuyendetsa misika, misewu ya m'midzi ndi sukulu zina za pulayimale. Koma chaka chomwecho ndi chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, ndipo ku Thyolo ndi ku Mulanje kunabuka zipolowe. Anthu anali atatopa ndi thangata komanso malimidwe, malamulo okakamiza kupanga mizere ndi migula amene wowaphwanya ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Mlangizi wa zaulimi wa masiku amenewo ankaopedwa, ndipo zinatenga nthawi kuti alimi ayambe kulowa mwaufulu pa sukulu ya zaulimi ya Thuchila Farm Institute n'kumaona mlangizi ngati mnzawo.

Ufulu wa 1964 sunabweretse mphamvu kumudzi. Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, lamulo la mafumu la 1967 linapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu zolonga ndi kuchotsa mafumu, ndipo ntchito za chitukuko zinaperekedwa kwa makomiti a boma otsogoleredwa ndi DC. Makhonsolo anatsala ndi misika, nyumba zogona alendo ndi ngongole. Amene anakula nthawi ya Kamuzu amakumbukira bwino kuti chiphaso chenicheni chopezera thandizo chinali khadi ya chipani. Achinyamata a chipani ankaima pa chipata cha msika ndi pokwerera basi, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa ndi katundu wake pamutu.

Komabe m'nyengo yomweyi munachitika chinthu chimene Mulanje ayenera kunyadira nacho, ndipo chikuphunzitsa zambiri kuposa malamulo onse atchulidwawa. Mu 1968, ku Chingale m'boma la Zomba, nthambi ya chitukuko cha m'midzi inayesa kutenga madzi a m'phiri ndi mapaipi, opanda injini, opanda magetsi, madziwo n'kumatsetsereka okha mpaka kumidzi. Ntchitoyi, imene katswiri wake wamkulu anali Lindesay Robertson, itatheka, inasamukira ku Mulanje. Inayambira ku Chambe, ndipo m'zaka za m'ma 1970 inafalikira m'chigwa cha kumadzulo kwa phiri ndi ku Phalombe.

Kagawidwe ka ntchito kanali komveka kwa aliyense. Boma ndi mabungwe othandiza ankabweretsa mapaipi, simenti ndi amisiri. Anthu ankabweretsa makasu. Mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake lokumba ngalande, ndipo komiti inkalemba amene abwera ndi amene ajomba. Abambo ndi amayi ankandandalikana m'mbali mwa chingwe chimene mmisiri wakoka, aliyense ndi chigawo chake, kukumba mpaka mulingo utakwana, kenako kusenza mapaipi pamapewa kuchoka pamene galimoto yawatsitsa. Anthu asanavomere, atsogoleri awo ankatengedwa kukaona mpopi umene ukutuluka kale madzi kwina, kuti akakhulupirire ndi maso awo kuti madzi angathe kuyenda mtunda wonsewo okha. Mpopi ukatsegulidwa, unkasiyidwa m'manja mwa komiti ya pampopi, imene inkasesa pamalopo, kusonkhetsa ndalama yogulira kamutu katsopano ndi kukanena paipi ikaphulika. Sitinganene kuti munalibe kukakamiza, poti mfumu inkalipitsa ojomba ndipo chipani chinali pambuyo pake. Koma apa thukuta la munthu linabwerera kwa mwini wake: mayi amene ankatunga madzi a matope mumtsinje wa Thuchila anayamba kutunga pafupi ndi khomo lake. Akatswiri a m'mayiko ena ankabwera kudzaphunzira njira imeneyi.

Mipopi yambiri ya nthawi imeneyo inauma. Mapaipi anakalamba, anthu anachuluka kuposa mmene amisiri anawerengera, mitengo ya m'phiri inatha, ndipo ndalama zokonzera zinasowa. Lero madzi a m'midzi akuyendetsedwa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi pamodzi ndi makomiti a mijigo, ndipo banja limasonkha kangachepe pamwezi. Pamene komiti ili yamoyo, madzi akutuluka.

Demokalase itabwera ndi riferendamu ya 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994, makhonsolo akale anathetsedwa mu 1995. Maphunziro aulere a pulayimale anadzaza makalasi mpaka ana kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo thumba la chitukuko la MASAF, limene linayamba mu 1995, linabwezeretsa mwambo woumba njerwa ndi kututa mchenga kuti boma libweretse malata ndi simenti. Chaka chachikulu chinali 1998. Phalombe anapatulidwa ku Mulanje n'kukhala boma palokha, ndipo dziko linalandira ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu pamodzi ndi lamulo latsopano la maboma aang'ono. Lonjezo lake linali lomveka bwino: maphunziro a pulayimale, zipatala zazing'ono, ulangizi wa zaulimi, madzi ndi misewu ya m'midzi zichoke ku Lilongwe zipite ku makhonsolo, ndipo boma lizitumizako ndalama za chitukuko zosachepera 5 pa 100 iliyonse ya zimene latolera. Gawo limeneli lakhala lisakukwana.

Makhansala oyamba anasankhidwa mu Novembala 2000, pa chisankho chimene anthu 14 okha pa 100 aliwonse olembetsa anakavota. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ngakhale mmodzi, mpaka chisankho cha patatu cha 20 Meyi 2014. Zaka zimenezo zinawononga zambiri. Mwana wa ku Thuchila amene anayamba Sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanaonepo khansala, ndipo makolo ake anazolowera kuti mlatho ukaduka kapena denga la sukulu likasasuka, wokamudandaulira ndi phungu. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, limene linayamba mu 2006, linalimbitsa chizolowezichi. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kunapatsa aphungu voti m'khonsolo, kunachepetsa mawodi, ndipo kunaika kusankha DC m'manja mwa nduna. Makhansala atabwerera anapeza mpando wawo utachepa, ndipo mkangano wa khansala ndi phungu pa za mwini chitukuko unafika mpaka ku khothi, limene mu 2025 linagamula kuti aphungu kuvota m'khonsolo ndi kuyendetsa CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Nanga munthu wamba amadutsa pati lero? Mudzi ukafuna mjigo kapena chipinda chophunziriramo, nkhani imakambidwa ku komiti ya chitukuko ya VDC pa gulupu, ipite ku komiti ya ADC kwa mfumu yaikulu, kenako ilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma lonse. Njirayi ndi yabwino, ndipo anthu amene amakhala m'makomitiwa, osalandira malipiro, amagwira ntchito yaikulu imene sayamikiridwa mokwanira. Vuto lake n'lakuti pempho limakwera mosavuta, koma yankho limachedwa kutsika, mwina osatsika n'komwe, ndipo palibe amene amabwerera kumudzi kudzafotokoza chifukwa chake.

Pali ntchito zina zimene zinatsikadi. Mlangizi wa zaumoyo amakhala m'mudzi momwemo, amapereka katemera, amayeza ana sikelo ndipo m'madera akutali amapereka mankhwala a malungo kwa ana aang'ono. Mwana wobadwira kuchipatala amalembetsedwa pomwepo. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amalipiridwa pafupi ndi kwawo kwa olandira. Mu 2017, pa kalembera wa ziphaso za unzika, makina anafika m'sukulu za m'midzi ndipo Amalawi oposa 9 miliyoni analembetsa m'miyezi yochepa. Izi zinaonetsa kuti boma likafuna kufika pakhomo limafika.

Koma chiphasocho chikatayika kapena dzina likalakwika, ulendo wakale uja umayambiranso. Gogo amayamba wapita kwa amfumu kukatenga kalata ya chidindo, n'kusiya kangachepe. Amagulitsa nkhuku kapena ndowa ya nandolo kuti apeze ya kabaza ndi minibasi. Akafika pa boma n'kumva kuti netiweki palibe, abwerenso mawa, ndalama ya ulendo wachiwiri alibe. Popanda chiphasocho sagula fetereza wotsika mtengo, salembetsa nambala ya foni, satsegula akaunti ku banki. Wosauka kwambiri ndi amene amalipira mtengo wokwera kwambiri pa ntchito imene ndi ufulu wake.

Mtsinje wa Thuchila nawo umakumbutsa chaka ndi chaka kuti mtunda wa pakati pa mudzi ndi ofesi ungathe kupha. Napolo wa ku Phalombe wa mu Malichi 1991, amene anapha anthu mazanamazana pamene derali linali likadali mbali ya Mulanje, ndiye anachititsa kuti dziko likhale ndi lamulo loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi. Madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda, nyumba ndi milatho m'boma lonseli. Misewu itaduka, oyamba kupulumutsa anthu, kuwasonkhanitsa m'sukulu ndi m'matchalitchi ndi kulemba mayina a osowa pokhala anali makomiti a m'midzi, mafumu, aphunzitsi ndi alangizi. Anali pomwepo, koma analibe thumba la ndalama ngakhale nkhokwe ya ufa.

Mbiri yonseyi ikuloza mbali imodzi. Kutolera kunafika ku Thuchila kalekale ndipo sikunajombepo. Makomiti anafika, ndipo akugwira ntchito. Chimene chatsalira pa boma ndi ku Lilongwe ndi ndalama ndi chidindo. Khonsolo ya Mulanje ingathe kuyamba ndi zazing'ono zimene sizifuna lamulo latsopano: tsiku lodziwika mwezi uliwonse loti alembi a ziphaso azikhala pa Thuchila, chikwangwani pa msika chosonyeza ndalama zimene zatoleredwa ndi zimene zagwira ntchito, komanso yankho lolembedwa kwa VDC iliyonse imene inapereka pempho.

Anthu nawo ali ndi zida zimene makolo awo analibe. Misonkhano ya khonsolo ndi yotseguka kwa aliyense, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Wogulitsa pa msika wa Thuchila amene amasunga matikiti ake ali ndi ufulu wonse wofunsa khansala wake kuti ndalamazo zinapita kuti, ndipo khansalayo ayenera kuyankha.