Chitsulo Chobisika M'konkire ndi Amene Amachijambula ku Indiana

Mu Januwale 1905, amisiri ndi amalonda a simenti anasonkhana ku Indianapolis n'kukhazikitsa bungwe la National Association of Cement Users. Chinawasonkhanitsa n'chakuti aliyense ankasakaniza konkire mmene akudziwira, ndipo panalibe lamulo limodzi loti onse alitsate. Mu 1913 bungweli linasintha dzina kukhala American Concrete Institute, mwachidule ACI, ndipo mpaka lero buku lake la malamulo, ACI 318, ndilo limanena kuti chitsulo chikhale pati m'chipilala, chipindike motani, ndipo chikwiriridwe ndi konkire wochuluka bwanji.

Konkire amapirira akapsinjidwa, koma akakokedwa amang'aluka, ndiye pamene pakukokekapo pamafunika chitsulo. Joseph Monier, wosamalira minda ku France, analembetsa nzeru imeneyi mu 1867 atayika waya m'miphika ya maluwa. Ku America, Ernest Ransome anayamba kupotokola zitsulo mu 1884 kuti zizigwirana bwino ndi konkire, ndipo zitsulo zotere ndizo zinaimika Ingalls Building ya nsanjika 16 ku Cincinnati mu 1903. Ku Detroit, Julius Kahn anali ndi mtundu wakewake wa chitsulo chokhala ndi timapiko topindikira m'mwamba. Mkulu wake, Albert Kahn, anajambula mafakitale ambiri a galimoto, kuphatikizapo nyumba ya Studebaker ya nsanjika 6 ku South Bend, yotchedwa Building 84, yomangidwa mu 1923. Kampani ya Studebaker inasiya kupanga magalimoto mumzindawo mu Disembala 1963, koma nyumbayo ikadalipo.

Masiku amenewo wogulitsa chitsulo ndiye ankajambulanso mmene chiyalidwire, poti mtundu wa chitsulocho unali wake. Chizolowezi chimenechi sichinathe ngakhale pamene zitsulo zinayamba kufanana, bungwe la opanga ndi opinda zitsulo la CRSI litabadwa mu 1924 ndiponso muyeso wa timizere ta pachitsulo utakhazikitsidwa mu 1947. Ku America injiniya amangolemba kuti bimu iyi ikufuna zitsulo zingati za saizi yakuti. Wina, wolembedwa ntchito ndi kampani yodula ndi kupinda zitsulo, ndiye amawerenga chimodzichimodzi, kupeza kutalika kwake, pamene chipindikire, pamene chilumikizane ndi chinzake, n'kulemba mndandanda wopita kufakitale. Injiniya amangouona n'kuuvomereza. Saizi amaitchula ndi nambala: #4 ndi chitsulo chonenepa theka la inchi, pafupifupi Y12 amene amisiri athu amagula ku Limbe kapena ku Malangalanga. Kugawana ntchito kotereku n'kumene kunabala mavuto ambiri amene tikuwaona m'kompyuta lero.

Ku Lawrence, kumpoto chakummawa kwa Indianapolis, kuli chinyumba cha Major General Emmett J. Bean Federal Center pamalo amene kale panali kampu ya asilikali ya Fort Benjamin Harrison. Chinatha kumangidwa mu 1953 kuti muzigwiridwa ntchito ya malipiro a asilikali. Chimango chachikulu chotero chinajambulidwa ndi pensulo ndi rula. M'nyengo imeneyo, ndiponso kwa zaka zambiri pambuyo pake, njira yoonera ngati paipi ikuwombana ndi bimu inali kusanjikiza mapepala oonekera mkati patebulo lagalasi lokhala ndi nyale pansi. Zitsulo za m'konkire nthawi zambiri sizinkafika patebulo limenelo. Woyamba kudziwa kuti pamphambano ya bimu ndi chipilala zitsulo zathinana anali womanga, ali pamwamba ndi waya m'manja, magalimoto a konkire akuyembekezeka mmawa.

Pulogalamu ya kompyuta ya AutoCAD itabwera mu 1982 inachotsa pensulo, koma zojambulazo zinali mizere basi. Ganizo lomanga nyumba yonse m'kompyuta, khoma lililonse likudziwika kuti ndi khoma, Charles Eastman anali atalilemba kale mu 1975, koma linadikira makina amphamvu. Pulogalamu ya Revit inatuluka mu 2000, kampani ya Autodesk n'kuigula mu 2002. Kampani ya ku Finland ya Tekla, imene inatchuka ndi zimango zachitsulo, inatulutsa Tekla Structures mu 2004. Pulogalamu ya Navisworks inkatenga ntchito ya aliyense, wamapaipi, wamagetsi, wakonkire, n'kusonyeza pamene zikuwombana. Njira yonseyi ndiyo BIM. Nthambi ya boma la America yoyang'anira nyumba zake, GSA, inayamba kuifuna pa ntchito zikuluzikulu mu 2007, ndipo Indiana University inatulutsa malamulo ake a BIM mu 2009.

Chitsulo cha m'konkire chinalowa mu BIM mochedwa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chipilala chimodzi ndi chinthu chimodzi m'kompyuta, koma m'kati mwake muli zitsulo zoimirira ndi maringi ambirimbiri, chilichonse chokhala ndi kupindika kwake. Mukachita zimenezo pachipatala chonse, fayilo imalemera moti kuitsegula kokha munthu amatha kumwa tiyi. Tsono fayiloyo si ya munthu mmodzi. Mu Revit mumakhala fayilo yaikulu imene onse amatapako, aliyense n'kubwereka chigawo chimene akukonza, ndipo mnzake sangachikhudze mpaka atachibweza. Komanso chitsulo sichingaime chokha, chimayenera kukhala m'khoma, m'bimu kapena m'silabu. Bimuyo ndi ya injiniya, chitsulocho n'cha wojambula wa kufakitale. Injiniya akachepetsa bimu Lachisanu madzulo, Lolemba mnzake amapeza maringi atasintha okha, mwina fakitale itadula kale akalewo.

Pofuna kuthawa zimenezi, ambiri amasunga zitsulo m'fayilo yapadera yolumikizidwa ku yaikuluyo, kapena kuigawa nsanjika ndi nsanjika, kapenanso potsata magawo amene konkire adzathiridwe. Koma wojambulayo amayenera kukopera konkire yense kuti zitsulo zake zikhale ndi pokhala, ndiye pamakhala nyumba ziwiri zimene ziyenera kufanana tsiku lililonse. Wina akagwiritsa ntchito Tekla, wina Revit, amatumizirana kudzera m'mafayilo a IFC, ndipo si zonse zimene zimafika bwinobwino. Ine ndimaona kuti otsatsa mapulogalamuwa amakokomeza za kupeza zowombana. Kompyuta ikangouzidwa kuti ifufuze, imatulutsa mndandanda wautali wa malo amene zitsulo zangokhudzana, pamene womanga akanangosuntha ndi dzanja. Malo oopsa enieni ndi ochepa: mphambano zothinana, mabowo a mapaipi m'silabu, mabawuti oimikira zipilala zachitsulo, ndi mpata wa mainchi 3 umene ACI 318 imafuna pakati pa chitsulo ndi dothi m'maziko.

Phindu lenileni laoneka kufakitale. Mndandanda umachokera m'kompyuta n'kupita ku makina odula ndi kupinda popanda munthu kuukoperanso, ndipo mtolo uliwonse umafika pamalo antchito uli ndi kakhadi kosonyeza kumene ukalowe. Muyeso wa ISO 19650, wa 2018, unayesa kukonza zotsalazo pofuna kuti fayilo iliyonse izidziwika ngati ikadali m'manja mwa mwini wake, ngati yagawidwa kwa anzake, kapena ngati yavomerezedwa kuti imangidwe. Pa ntchito zikuluzikulu, mapangano awa amalembedwa chitsulo choyamba chisanajambulidwe: tsiku limene injiniya asiye kusintha konkire wa nsanjika yakutiyakuti, ndi amene adzalipire matani odulidwa kale ngati asintha pambuyo pake.