Kodi bambo ndi chikwama chabe?



Pamsika mukaona mayi akugulitsa tomato mwana ali kumbuyo, simuyang'ana kawiri. Koma bambo akabereka mwana, ena amaseka kuti anamudyetsa mankhwala, ena amamutama ngati wachita chozizwitsa. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake.

Kale kwathu kummawa, pakati pa Achewa ndi Ansenga, mwamuna ankapita chikamwini kumudzi kwa mkazi. Ana anali a mbumba ya mayi, ndipo pa milandu ndi maukwati mawu omaliza anali a amalume. Bambo ankalima ndi kumanga nyumba, koma anali ngati mlendo.

Kenaka kunabwera British South Africa Company, imene inalamula dziko lino mpaka 1924, ndi msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama. Amuna ananyamuka ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kukagwira ntchito ku Wankie ndi ku Salisbury. Migodi ya kopa itatsegulidwa, ena analowera ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Luanshya. Mwana ankadziwa atate ake ndi bulangete limene atumiza. Apa ndi pomwe tinaphunzira kuyesa bambo ndi thumba lake, mayi ndi msana wake.

Ngakhale mu mpingo, amayi ndiwo anayamba kusonkhana pa nkhani ya kulera. Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union ku England mu 1876. A UMCA anafika kuno mu 1910, wansembe Leonard Kamungu n'kutsegula misoni ya Msoro, ndipo pambuyo pake chigwirizano cha amayi chinazika mizu. Amayi ali ndi yunifolomu, tsiku lokumana ndi chiphunzitso cha banja. Nanga mnyamata akabereka mwana woyamba, amamuphunzitsa ndani?

Manje onani zotsatira zake. Bambo ntchito ikatha kapena malonda akagwa, amadziona kuti salinso kanthu panyumba, ena mpaka amathawa ana. Mwana akalakwa, mlandu timaponya pa mayi yekha.

Werengani Mateyu 2. Amene anadzuka usiku kuthawitsa Mwana ku Iguputo anali Yosefe, mmisiri wosauka.

Inu abambo, ngakhale lero simunagulitse kanthu, pitani nokha ndi mwana kuchipatala, muone mabuku ake, mupemphere naye. Inu amayi, musamawaseke akamayesa. Ambuye adalitse mabanja athu. Amen.