Frail, chimbale cha ana asukulu chomwe chinatsegulira njira Jars of Clay

Nkhani yake inayamba ndi malaya. Pa Greenville College, koleji yachikhristu ya m'katauni kakang'ono m'chigawo cha Illinois ku America, Charlie Lowell anaona mnyamata wina atavala tisheti ya gulu loimba la Toad the Wet Sprocket, lomwe iyenso ankalikonda. Mnyamatayo anali Dan Haseltine. Macheza awo anakokanso Stephen Mason ndi Matt Bronleewe, akatswiri pa gitala, ndipo pofika 1993 anayiwa anali akupeka nyimbo limodzi.

Sankaganiza zotchuka. Nyimbo zawo zoyamba zinali ntchito ya m'kalasi, yoti aphunzitsi a zoimba ndi zojambula mawu aichonge. Dzina la gulu, Jars of Clay, analitenga pa 2 Akorinto 4:7, pomwe Paulo akuyerekeza munthu ndi mbiya yadothi, yosachedwa kusweka koma yosungira chuma.

Gululi linalibe woimba ng'oma. Pofuna kutseka mpatawo, anyamatawa ankatenga kaphokoso ka ng'oma kojambulidwa kale, n'kumakabwereza pamakina, kenako pamwamba pake n'kuyala magitala awiri opanda magetsi, kiyibodi ya Lowell ndi mawu ofatsa a Haseltine. Kusowa kumeneku ndi komwe kunawapatsa kamvekedwe kawokawo, kosiyana ndi nyimbo zauzimu zomwe zinkamveka pa wayilesi masiku amenewo. Ngakhale mawu a nyimbozo sanali achigonjetso. Ankaimba za munthu wofooka, wokayika, amene chikhulupiriro chake chimagwedezeka, ndipo mu nyimbo ya "He" anafika pokamba za mwana wozunzidwa pakhomo, nkhani imene oimba ambiri a m'tchalitchi ankaizemba.

Mu Epulo 1994 anapita ku Nashville kukapikisana nawo pa mpikisano wa oimba achatsopano wa Gospel Music Association, ndipo anapambana. Chaka chomwecho anatulutsa okha chimbale cha Frail, popanda kampani iliyonse kumbuyo kwawo. Anasindikiza ma CD ochepa chabe. Koma mbiri inayenda msanga, makampani a nyimbo anayamba kuwasaka, ndipo anyamatawo anasiya sukulu n'kusamukira ku Nashville. Bronleewe yekha anasankha kutsala kuti amalize maphunziro. Malo ake anatenga Matt Odmark, mnzake wa Lowell wa paubwana.

Chimbale chawo choyamba pansi pa kampani ya Essential Records chinatuluka mu Okutobala 1995, ndipo amene anamvapo Frail sanadabwe nacho. "Liquid", "Love Song for a Savior", "Like a Child" ndi "He" zinalipo kale pa chimbale cha kusukulu chija. Kampaniyo sinapange gululi, inangolipeza litapsa kale, n'kulipatsa situdiyo yabwino. Adrian Belew, katswiri wa gitala amene ankaimba m'gulu la King Crimson, anawathandiza kukonza nyimbo ziwiri, "Liquid" ndi ina yatsopano, "Flood". "Flood" inadumpha mpanda wa mawayilesi achikhristu n'kufika pa nambala 37 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka wa Billboard Hot 100, ndipo chimbalecho chinagulidwa makope oposa 2 miliyoni.

Nkhokwe ya Frail inali isanathe. Mu 1997, pokonza chimbale cha Much Afraid, anabwereranso komweko kukatapa "Fade to Grey" ndi "Frail" yeniyeniyo, yomwe poyamba inali ya zida zokhazokha, tsopano ataiika mawu. Much Afraid ndicho chinawabweretsera mphoto yawo yoyamba ya Grammy.

Bronleewe naye sanatayike. Anadzakhala wopeka ndi wokonza nyimbo wodziwika ku Nashville komweko, wogwira ntchito ndi oimba monga Plumb. Anzake aja, mu 2004, anakhazikitsa nawo bungwe la Blood:Water Mission, lothandiza pa nkhani za madzi aukhondo ndi Edzi m'maiko a mu Africa. Ma CD oyambirira a Frail lero ndi osowa, ndipo okonda gululi amachita kuwasakasaka kwa ogulitsa zimbale zakale.