Za Chiphunzitso cha Chilungamo m'Masukulu a pa Gombe Lathu

Pa masiku ano a Yubile ena alemba za nyumba zopemphereramo zimene zinamangidwa, ena za odwala amene anachira. Ife tapatsidwa kulemba za chinthu chosaoneka ndi maso, ndicho chiphunzitso chimene anyamata ndi asungwana a zaka 10 kufikira 15 akhala akuchilandira m'masukulu a kumwera kwa Nyanja, chakuti munthu sagulidwa, ndi kuti wamphamvu yemwe ali ndi mlandu akalakwira wopanda mphamvu. Mbiri yache siri yofewa iai, pakuti mwana akagwira mau amenewa sawabwezanso, ndipo mphunzitsi sakhoza kumuuza polekezera.

Pamene David Livingstone anafika pa Nyanja m'mwezi wa September 1859, pafupi ndi potulukira Shire, anapeza njira ya akapolo irikuoloka pomwepo. M'zaka zotsatira mafumu atatu anakula mphamvu kuno: Mponda pa mtsinje, Makanjira ku gombe la kum'mawa, ndi Jalasi m'phiri la Mangochi. Maulendo ao anapita ku Kilwa ndi ku Quelimane ndi minyanga ndi anthu, nabwerako ndi nsalu, mfuti ndi wonga. Koma wophunzitsa ana asanene kuti tchimoli linali la mtundu umodzi, pakuti Ayao omwe anamangidwa m'goli, mwana anaperekedwa kulipira mlandu wa malume ache m'midzi ya Anyanja, ndipo ena mwa ogula kutsidya la nyanja yamchere anali anthu obatizidwa.

Masukulu oyamba anatsegulidwa pakati pa zimenezi. A mishoni ya Livingstonia anafika ku Cape Maclear pa sitima ya Ilala m'chaka cha 1875, nasonkhanitsa ana, nabatiza Albert Namalambe m'chaka cha 1881, chaka chomwe anasamukira ku Bandawe. Ansembe a White Fathers anakhala m'mudzi wa Mponda kuyambira December 1889 kufikira June 1891. Anaphunzitsa ana malembo pamene maulendo a akapolo analikupita pa khomo pao, osakhoza kuletsa kanthu, nachoka. A UMCA anakhazikika kwa Mponda m'chaka cha 1896, mfuti za Harry Johnston zitayamba zalankhula: linga la Fort Johnston linamangidwa mu 1891, Captain Maguire anaphedwa chaka chomwecho pomenyana ndi anthu a Makanjira, ndipo Jalasi anagonja mu 1895.

Tsono ndani anaphunzitsa ana aja za ufulu? Buku lotchedwa la chilungamo panalibe. Panali mbiri ya Yosefe wogulitsidwa ndi abale ache, ndi ya ana a Israyeli m'Aigupto, ndipo mwana amene mlongo wache anatengedwa dzana sanasowe womumasulira. Koposa apo, mphunzitsi mwini ndiye anali phunziro. Ambiri mwa aphunzitsi oyamba a UMCA pa Nyanja anali anyamata oomboledwa, ophunzira ku Kiungani m'chisumbu cha Zanzibar. Augustine Ambali anagwidwa ukapolo ali mwana, naomboledwa, nakhala mphunzitsi ndi wansembe ku Msumba zaka zambiri. Ana analikuona ndi maso ao munthu amene anali ndi mtengo wache wa nsalu ataimirira patsogolo pao ndi choko m'dzanja, mafumu ndi kumupatsa moni. Kuyambira 1901 sitima ya Chauncy Maples inayendera masukulu a m'midzi ya pa gombe, aphunzitsi ena naphunzira nchito yao m'kati mwa sitimayo.

Amishoni anayesa kuti phunziro latha pamene goli lathyoka. Ana sanayese chomwecho. Boma limene linathetsa ukapolo linaika msonkho wa nyumba, ndipo wosowa ndalama anakagwira thangata ku minda ya Azungu. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 amuna ambirimbiri anasenza akatundu a asilikali monga atengatenga, napitira pa doko la Fort Johnston, ambiri osabwerako. Munthu wakuda anayenera kuvula chipewa pokomana ndi Mzungu pa njira, ngakhale Mzunguyo asayankhe moni. Mnyamata wodziwa kuwerenga za munda wa Naboti anayamba kufunsa za minda ya ku Magomero. John Chilembwe atauka m'mwezi wa January 1915, eni minda anati cholakwa nchakuti amishoni aphunzitsa anthu zochuluka; ndipo Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, poitanidwa ku bungwe lofufuza, anaikira kumbuyo masukulu, nadzudzula Azungu osabweza moni. Eni minda aja, m'kuopa kwao, anaona chimene ena sanachione, chakuti sileti iri ndi mphamvu yoposa nthungo.

Funso linafikanso pa khomo la mishoni. Leonard Kamungu, Mnyanja woyamba kukhala wansembe wa Anglican, anadzozedwa mu 1909. Koma bishopu woyamba wa dziko lino mu mpingo umenewo, Josiah Mtekateka, anadzozedwa mu 1965, ndipo ophunzira anawerenga zaka za pakatipo. Palinso china chowawa. Boma linasiya maphunziro m'manja mwa amishoni. Ofesi yache ya maphunziro inayamba mu 1926, ndi sukulu yoyamba ya sekondale, ya ku Blantyre, mu 1940. Makolo achisilamu, ndiwo ambiri m'dziko lino la Mangochi, anaopa kuti mwana akalowa sukulu adzatuluka ndi dzina lina ndi chipembedzo china, nawasunga ana ao ku madrasa. Chotero mibadwo ya ana inakula kunja kwa mpanda, ndipo chipsera chache chioneka m'boma lino kufikira lero.

Mwana wa masukulu amenewa amene dziko lonse limdziwa ndiye Henry Masauko Chipembere, wobadwa pa 5 August 1930, mwana wa Habil Chipembere, mphunzitsi amene pambuyo pache anakhala wansembe, wa ku Malindi. Anaphunzira m'masukulu a mishoni, napita ku Blantyre Secondary School, ku Goromonzi, ndi ku Fort Hare ku South Africa. Mu 1956, ali ndi zaka 25, anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba pamodzi ndi Kanyama Chiume, natsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi mau oyaka moto. Sanali yekha mu mpingo wache, pakuti Bishopu Frank Thorne nayenso anakana chitaganyacho poyera. Pa 3 March 1959 Boma linalengeza za ngozi m'dziko, ndipo Chipembere anamangidwa, nakhala m'ndende ya ku Gwelo pamodzi ndi Dr Banda. Anamangidwanso mu 1961 kufikira 1963.

Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, iye ndiye anali nduna ya maphunziro, mwini masukulu onse. Miyezi iwiri yokha itapita nduna zinasiyana maganizo ndi Dr Banda, mwa zina chifukwa cha tiki imene odwala analamulidwa kulipira m'zipatala ndi kuchedwa kopatsa Amalawi maudindo a Azungu. Chipembere anali ku Canada pa msonkhano wa maphunziro. Pobwera anatula pansi udindo, nabwerera ku Malindi. Usiku wa 12 February 1965 anatsika ndi amuna ngati 200, nalanda boma la Fort Johnston, nalunjika ku Zomba. Koma pa Liwonde anapeza chombo chooloka chiri tsidya lina, ndipo asilikali anawabalalitsa. Anamwalira ku Los Angeles pa 24 September 1975, osaonanso Nyanja.

Apa mphunzitsi ayenera kupondapo bwino. Ena afuna kuuza ana kuti Chipembere anali woyera wopanda banga, monga kale anauzidwa kuti anali chigawenga chabe. Ife tiyesa kuti mwana wa Sitandade 7 akhoza kusenza zonse ziwiri: kuti munthuyu anaona msanga kumene ulamuliro wa munthu mmodzi unalikupita, ndi kuti usiku uja mwazi wa osalakwa unakhetsedwa, ndipo amene analipira koposa ndiwo anthu a m'midzi. Nyumba zinatenthedwa ku gombe la kum'mawa, Medson Silombela anapachikidwa ku Zomba mu 1966, ndipo anthu a mudzi wa Moto anatengedwa kundende, amuna, akazi ndi ana omwe.

Zaka zotsatira zinali za chete. Ana anaimba ndi kuloweza ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo dzina la Chipembere silinatchulidwe m'kalasi. Pakamwa panatseguka pa 8 March 1992, pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalichi onse ao, yonena za malipiro ochepa, za kusowa kwa mabuku ndi aphunzitsi, ndi za anthu omangidwa popanda mlandu. Mmodzi wa olembapo dzina anali Bishopu Alessandro Assolari wa Mangochi, ndipo nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo inasindikizidwa, inatenthedwa. Pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri. Malamulo akulu a dziko a 1994 anaika ufulu wa munthu m'mutu wachinayi, sukulu ya pulaimale inakhala yaulere chaka chomwecho, ndipo mu 2017 nyumba ya malamulo inakhazikitsa kuti munthu wosafika zaka 18 ndi mwana, sakwatiwa kapena kukwatira.

Tsopano mau akuti ufulu wachibadwidwe ali m'mabuku a ana, koma kuyambira Sitandade 5 aphunzitsidwa m'Chingerezi, kwa mwana wolankhula Chiyao kwao ndi Chichewa pa msika. Awaloweza monga aloweza maina a mitsinje, nawalemba pa mayeso, nawasiya pomwepo. Inu akatekisti muli ndi mwai umene mphunzitsi wa m'kalasi alibe, pakuti mukhala ndi ana omwewo pansi pa mtengo, m'chinenero chao, popanda mayeso. Ndipo zoonetsa simusowa: makoma a linga ali chiimire pa phiri la Mangochi, manda a amishoni ali ku Cape Maclear, ndipo m'midzi ya ku Malindi muli okalamba amene anaona moto wa 1965. Ana adzafunsa za mnzao amene wasiya sukulu nakakoka khoka usiku, za msungwana wopalidwa ubwenzi ndi wochokera ku Joni, ndi za gombe la makolo ao limene latchingidwa ndi mpanda wa nyumba za alendo.

Adzafunsanso za mpingo, monga anachitira ana a kale. Mu 2019, pa sukulu ina ya mpingo m'boma la Balaka, asungwana achisilamu anabwezedwa chifukwa chobvala hijabu, ndipo panabuka chiwawa, sukulu nitsekedwa. Akuluakulu a zipembedzo zonse ziwiri anakhala pansi mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, ndipo mu 2021 anasaina pangano lakuti msungwana wachisilamu aloledwe kulowa m'sukulu ya mishoni atafunda kumutu, nsaluyo ikhale ya mtundu wa yunifomu ya sukuluyo.