Kusintha Ntchito n'Kulowa za Makompyuta: Mbiri ya Khomo Limeneli ku Britain

Ambiri mwa ife amene tinafika ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tinabwera ndi mapepala a uphunzitsi, unamwino kapena zowerengera ndalama, ndipo ena tinayamba kusamalira okalamba usiku, madigiri athu ali m'sutikesi. N'chifukwa chake tikakumana funso ili silichedwa kubwera: kodi munthu wamkulu kale, wa ana ndi lendi, amene anaphunzira zaulimi kapena zilankhulo, angathe kulowa ntchito ya makompyuta? Mbiri ikutiuza kuti amene anayamba ntchitoyi onse anachokera ku maphunziro ena.

Mu 1949 gulu la Maurice Wilkes ku Cambridge linamaliza kupanga kompyuta yotchedwa EDSAC. Makina analipo, koma odziwa kuwagwiritsa ntchito anali owerengeka. Choncho mu 1953 yunivesiteyi inatsegula dipuloma ya chaka chimodzi ya anthu amene anali kale ndi digiri, makamaka ya masamu ndi sayansi. Amenewa ndiwo amatchulidwa kuti maphunziro oyamba a makompyuta padziko lonse, ndipo anali a anthu osintha njira. Ophunzira a digiri yoyamba ya makompyuta anadzayamba ku Manchester mu 1965, patapita zaka 12.

Nkhani imene imatisangalatsa kwambiri ndi ya kampani ya J. Lyons, yotchuka ndi nyumba zomweramo tiyi. Kampaniyi inadzipangira kompyuta yake, LEO, imene inayamba ntchito mu 1951, ndipo inafunafuna olemba mapulogalamu pakati pa antchito ake omwe. Mmodzi mwa amene anakhoza mayeso anali Mary Coombs, mayi amene ku koleji anaphunzira Chifalansa. Analowa gululo mu 1952, nakhala mmodzi mwa amayi oyamba kulemba mapulogalamu a zamalonda. Mabwanawo sanafunse za digiri ya makompyuta, pakuti kunalibe. Anayesa ngati munthu angathe kuganiza mwadongosolo ndi kupirira pofufuza cholakwa.

M'kupita kwa zaka mayunivesite ambiri anatsegula digiri ya Masters ya chaka chimodzi ya ochokera ku maphunziro ena. Ku London, Birkbeck, imene inakhazikitsidwa mu 1823 kuti iphunzitse anthu apantchito, inatchuka ndi makalasi amadzulo, mwayi waukulu kwa munthu amene sangasiye ntchito.

Komatu khomo limeneli limatseguka ndi kutsekeka motsatira msika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 intaneti inali kukula, makampani akuopanso kuti makompyuta asokonezeka pofika chaka cha 2000, moti ntchito zinali mbwee. Mu 2000 ndi 2001 makampani ambiri a pa intaneti anagwa, ndipo amene anamaliza maphunziro nthawiyo anapeza ntchito zitachepa, ngongole zokha zili pakhomo. Walira mvula walira matope. Dipuloma ya ku Cambridge ija nayo inatsekedwa mu 2008.

Boma nalo linalowererapo. Mu 2016 ku England kunayamba ngongole ya boma ya ophunzira Masters, yofika mapaundi 10,000, ngakhale kuti wokhala pa visa ya sukulu sankailandira. Mu 2020 bungwe la Office for Students linathandiza maphunziro osinthira ntchito a AI ndi data science, pamodzi ndi thandizo la mapaundi 10,000 kwa amayi, anthu akuda ndi olumala makamaka.

Kwa abale athu ofuna kuchokera kumudzi, malamulo olowera m'dziko ndiwo akhala olemera kuposa masamu. Chilolezo chogwira ntchito ukamaliza sukulu chinathetsedwa mu 2012, n'kubweranso mu 2021 ndi dzina loti Graduate Route. Ndipo mu Januwale 2024 lamulo linaletsa wobwera kudzaphunzira Masters ya m'kalasi kutenga mkazi, mwamuna kapena ana ake.