Kuwerenga manambala a baseball: tanthauzo la AVG, OBP, SLG ndi RBI

M'chaka cha 2024, katswiri wa ku Japan, Shohei Ohtani, yemwe amasewera mutimu ya Los Angeles Dodgers ku America, adamaliza sizoni ndi manambala awa: .310/.390/.646, 54 HR, 130 RBI, 59 SB. Munthu wozolowera mpira wamiyendo, komwe nkhani imathera pa zigoli ndi mapointi, akaona mzere wotere mutu umazungulira. Koma kwa otsatira baseball mzerewu ukufotokoza sizoni yonse ya wosewera amene timu yake idamulonjeza ndalama zokwana madola 700 miliyoni pa zaka 10. M'masewerawa manambala ndiwo amagamula woti alembedwe ntchito, woti achotsedwe komanso malipiro a aliyense. Nkhani ino ikumasulira mawu ndi manambala ofunika kwambiri, makamaka a mbali yomenya mpira.

Momwe masewerawa amayendera

Baseball amaseweredwa ndi matimu awiri, ndipo timu iliyonse imakhala ndi anthu 9 m'bwalo. Matimuwa amasinthana: ina ikamamenya mpira, inayo imaponya ndi kuwakha. Yemwe adasewerapo raundasi ali mwana sangavutike kugwira mutu wake. Pabwalo pamakhala malo anayi oponda otchedwa base, otalikirana mamita pafupifupi 27. Womenya amaima pa base ya kunyumba, yomwe dzina lake ndi home plate, ndipo akaumenya mpira ndi chibonga amathamangira ku base yoyamba, yachiwiri, yachitatu mpaka kubwerera pomwe adayambira. Akazungulira chonchi, timu yake yapeza run imodzi, chomwe ndi chigoli cha masewerawa.

Masewero amodzi amakhala ndi ndime 9 zotchedwa inning. M'ndime iliyonse timu imapitiriza kumenya kufikira anthu ake atatu atatulutsidwa. Kutulutsidwako kumatchedwa out, ndipo kumachitika m'njira zingapo: mpira womenyedwa ukawakhidwa usadagwe pansi, ukafika pa base yoyamba womenya asadafikepo, kapena womenya akalephera katatu pamaso pa woponya. Choncho pamasewero onse timu ili ndi ma out 27 okha. Chiwerengerochi nchofunika kuchisunga m'mutu, chifukwa manambala ambiri a baseball amayesa momwe wosewera akusamalira kapena kumwaza chuma chochepachi.

Muligi yaikulu ya Major League Baseball, mwachidule MLB, muli matimu 30 ndipo iliyonse imasewera masewero 162 pasizoni. Womenya wodalirika amakumana ndi woponya koposa ka 600 pachaka, nchifukwa chake manambala ake amanena zoona kuposa zomwe diso lingaone pamasewero amodzi.

Strike, ball ndi walk

Mpira uliwonse womwe waponyedwa umagamulidwa ndi woyimbira amene amaima kumbuyo kwa wowakha. Ukadutsa pamwamba pa home plate, pakati pa mawondo ndi chifuwa cha womenya, iye osaumenya, umakhala strike. Akauphonya ndi strike, ndipo akaumenyera kunja kwa mizere ya bwalo ndi strike ndithu, kungoti kumenyera kunjaku nthawi zambiri sikuwerengedwa ngati strike yachitatu. Zikakwana zitatu womenya watuluka, ndipo imeneyi ndiyo strikeout.

Mpira ukadutsa kunja kwa malirewo, womenya n'kuusiya, umatchedwa ball. Ikakwana inayi womenya amapita ku base yoyamba mwaulere. Imeneyi ndi walk, ndipo imalembedwa BB. Nayenso yemwe wagendedwa ndi mpira pathupi amapita ku base yoyamba, ndipo zimalembedwa HBP.

Strikeout imalembedwa ndi chilembo K. Mwambowu udayamba ndi Henry Chadwick, mtolankhani wobadwira ku England yemwe ankalemba za masewera ku New York m'zaka za m'ma 1800. Iye adatenga chilembo chomaliza cha liwu loti struck. Chadwick yemweyu ndiye adatchukitsa kandandanda wa zotsatira wotchedwa box score, yemwe nyuzipepala zimasindikiza mpaka lero.

Mitundu ya hit

Womenya akaumenya mpira m'bwalo n'kufika pa base asadatulutsidwe, popanda wowakha aliyense kulakwitsa, wapeza hit, yolembedwa H. Akaima pa base yoyamba ndi single, pa yachiwiri ndi double, pa yachitatu ndi triple. Akazungulira zonse zinayi ndi home run, yolembedwa HR, ndipo kawirikawiri imabwera mpira ukauluka kupitirira mpanda wa bwalo. Home run yomenyedwa pamene pa base zonse zitatu pali anzake imatchedwa grand slam ndipo imabweretsa ma run anayi nthawi imodzi.

Womenya akafika pa base chifukwa wowakha wagwetsa mpira wosavuta kapena waponya molakwika, sapatsidwa hit. Wowakhayo ndiye amalembedwa error. Pete Rose ndiye ali ndi ma hit ambiri m'mbiri ya MLB, 4,256, pomwe Ichiro Suzuki wa Seattle Mariners adapeza 262 m'sizoni imodzi ya 2004. Pa ma home run, Barry Bonds ali patsogolo ndi 762, kutsatiridwa ndi Hank Aaron ndi 755 komanso Babe Ruth ndi 714.

Kusiyana kwa PA ndi AB

Apa ndi pomwe ambiri ongoyamba kumene amasokonezeka. Nthawi iliyonse yomwe womenya waima pamaso pa woponya mpaka nkhani yake itatha imatchedwa plate appearance, mwachidule PA. Koma si PA iliyonse yomwe imakhala at-bat, kapena kuti AB. Walk ndi HBP siziwerengedwa ngati AB. Chimodzimodzinso sacrifice, pamene womenya walolera kutulutsidwa kuti mnzake asunthire kutsogolo kapena afike kunyumba. Maganizo ake ndi oti munthu asalangidwe pa manambala chifukwa chodzipereka pothandiza timu, kapena chifukwa woponya wamumana mpira womenyeka.

AVG: nambala yakale kwambiri

Batting average, yolembedwa AVG kapena BA, imapezeka pogawa ma hit ndi ma AB. Ohtani adapeza ma hit 197 pa ma AB 636, ndipo ukagawa yankho ndi .310. Nambalayi imalembedwa ndi madijiti atatu, popanda ziro kumayambiriro.

Kufika .300 ndi chizindikiro cha ukatswiri, kutanthauza kuti ngakhale womenya wabwino amalephera ka 7 pa maulendo 10. Kutsika pansi pa .200 ndi manyazi, ndipo malire amenewa amatchedwa Mendoza Line, dzina lochokera kwa Mario Mendoza wa ku Mexico, yemwe ankawakha bwino koma kumenya kunkamuvuta.

Kumtunda kwake kuli .400. Mu 1941 Ted Williams wa Boston Red Sox adafika tsiku lomaliza la sizoni ali pa .39955, nambala yomwe ikadalembedwa .400 iye akadangokhala pansi osasewera. Koma adalowa m'bwalo pamasewero onse awiri a tsikulo, n'kupeza ma hit 6 pa ma AB 8, ndipo adamaliza ndi .406. Chiyambire pamenepo palibe wosewera wa American League kapena National League amene adafikanso .400 pasizoni yathunthu. Kuti wosewera aganiziridwe pa mpikisano wa AVG, ayenera kukhala ndi ma PA osachepera 502 pasizoni, kuopa kuti wina angatenge ulemu atangosewera kangapo.

Kwa zaka zambiri AVG yapamwamba ya moyo wonse wosewera inali ya Ty Cobb, .367. Mu May 2024 MLB idaphatikiza m'mabuku ake manambala a Negro Leagues, maligi a anthu akuda omwe ankasalidwa muligi yaikulu Jackie Robinson asadalowemo mu 1947. Izi zidakweza Josh Gibson pamwamba ndi .372.

OBP: kodi amafika pa base kangati?

Vuto la AVG ndi loti imanyalanyaza walk, chonsecho yemwe wafika pa base mwaulere angathe kubweretsa run mofanana ndi yemwe wamenya single. On-base percentage, mwachidule OBP, imakonza vutoli. Imaphatikiza ma hit, ma walk ndi ma HBP, kenako n'kugawa ndi chiphatikizo cha ma AB, ma walk, ma HBP ndi ma sacrifice fly. Mwachidule, ikuyankha funso loti womenya amapewa kutulutsidwa kangati. OBP ya .400 ndi yapamwamba kwambiri. Mu 2004 Barry Bonds adafika .609 atapatsidwa ma walk 232, ndipo 120 mwa amenewa adali adala, oponya akuopa kumupatsa mpira woti amenye.

SLG ndi OPS: kuyesa mphamvu

Vuto lachiwiri la AVG ndi loti imaona single ndi home run ngati zofanana. Slugging percentage, yolembedwa SLG, imapereka 1 pa single, 2 pa double, 3 pa triple ndi 4 pa home run. Zonsezi zikaphatikizidwa zimagawidwa ndi ma AB. SLG yoposa .500 imaonetsa womenya wamphamvu. Ukaphatikiza OBP ndi SLG umapeza OPS. Ya .800 ndi yabwino, ndipo yopitirira 1.000 amafikapo ndi akatswiri owerengeka.

Tiyerekeze osewera awiri, aliyense ali ndi ma AB 500, opanda HBP kapena sacrifice. Woyamba ali ndi ma hit 150: ma single 120, ma double 20, ma triple 2 ndi ma home run 8, kuphatikizapo ma walk 20. Wachiwiri ali ndi ma hit 125: ma single 65, ma double 25 ndi ma home run 35, kuphatikizapo ma walk 90. Pa AVG woyamba akutsogola ndi .300 pomwe mnzake ali pa .250. Koma OBP ya woyamba ndi 170 kugawa ndi 520, yomwe ndi .327, ndipo ya wachiwiri ndi 215 kugawa ndi 590, yomwe ndi .364. Pa SLG woyamba ali ndi 198 kugawa ndi 500, kutanthauza .396, pomwe wachiwiri ali ndi 255 kugawa ndi 500, kutanthauza .510. OPS ya woyamba ndi .723, ya wachiwiri .874. Wooneka wotsalira pa AVG ndiye akuthandiza timu kwambiri. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo nambala imodzi siikwanira kuweruza wosewera.

Nzeru imeneyi ndiyo idapulumutsa timu ya Oakland Athletics, yomwe inali ndi ndalama zochepa. Mkulu wake Billy Beane ankagula motchipa osewera a OBP yapamwamba omwe matimu olemera ankawanyoza, ndipo mu 2002 timuyi idapambana masewero 103, kuphatikizapo 20 otsatizana. Nkhaniyi idalembedwa m'buku la Michael Lewis lotchedwa Moneyball mu 2003, lomwe lidasandutsidwa filimu mu 2011.

R, RBI ndi SB

Chilembo R chimaimira ma run omwe wosewera wabweretsa yekha pofika kunyumba. RBI imapita kwa womenya amene kumenya kwake kwachititsa kuti run ilowe. Akamenya home run amapatsidwa R ndi RBI zonse ziwiri, chifukwa wadzibweretsa yekha. Hack Wilson wa Chicago Cubs adapeza ma RBI 191 mu 1930, ndipo palibe amene adamuposa pasizoni imodzi. Komabe RBI imafuna kuiwerenga mosamala, popeza imadalira anzake a womenya: ngati pa base palibe munthu, ngakhale double sibweretsa kanthu.

Wosewera akatsogola ligi yake pa AVG, HR ndi RBI m'sizoni imodzi amati wapata Triple Crown. Miguel Cabrera wa ku Venezuela adachita izi mu 2012 ali ku Detroit Tigers, ndi .330, ma home run 44 ndi ma RBI 139.

SB ndi kuba base, pamene wothamanga wazembera ku base yotsatira woponya ali mkati moponya. Rickey Henderson adaba ka 1,406 m'moyo wake wosewera.

Nambala imodzi ya woponya

Ngakhale nkhani ino ikukamba za omenya, ERA ndi yosazembeka. Imaonetsa ma run omwe woponya amalola pa ndime 9 zilizonse, osawerengera obwera chifukwa cha error. Ma run amachulukitsidwa ndi 9 n'kugawidwa ndi ndime zomwe waponya. Yemwe walola 60 m'ndime 180 ali ndi ERA ya 3.00. Apa nambala yotsika ndiyo yabwino, ndipo Bob Gibson wa St. Louis Cardinals adafika 1.12 mu 1968. Dziwaninso kuti ndime zikalembedwa 6.1 zikutanthauza ndime 6 ndi out imodzi, ndipo 6.2 ndi ndime 6 ndi ma out awiri.

Kubwerera ku mzere wa Ohtani

Manambala atatu olekanitsidwa ndi timizere amakhala AVG, OBP ndi SLG, mwa ndondomeko yomweyo nthawi zonse. Choncho .310/.390/.646 ikunena kuti Ohtani ankapeza hit pafupifupi katatu pa ma AB 10, ankafika pa base pafupifupi kanayi pa maulendo 10, ndipo mphamvu yake idakankhira OPS kufika 1.036. Ma home run 54 ndi kuba base ka 59 zidamupanga kukhala woyamba m'mbiri ya MLB kufika 50 pa zonse ziwiri m'sizoni imodzi.

M'mabuku omwewa mulinso dzina la kuno kummwera kwa Africa. Pa 26 April 2017, Gift Ngoepe wa ku South Africa adalowa m'bwalo ndi timu ya Pittsburgh Pirates, ndipo pa AB yake yoyamba adamenya single polimbana ndi Chicago Cubs. Kwa kanthawi AVG yake idali 1.000, nambala yomwe palibe amene amaisunga nthawi yaitali.